Tisanathire simenti, tidziwe kaye zimene zili pansi

Anzanga, nonse mwaona njerwa zimene makolo athu aumba kuti timange buloko yatsopano. Ine ndasangalala kwambiri, chifukwa chaka chamawa ndife a Fomu 3 amene tidzalowemo. Koma malo amene akhomapo zikhomo aja akundidetsa nkhawa.

Ine ndimadutsa pamenepo tsiku lililonse pochokera kumudzi. Mvula ikagwa, madzi oima pamalopo amakhala ndi mitundu ngati utawaleza, ndipo dzuwa likatentha pamamveka fungo la mafuta. Nditafunsa agogo anga, anandiuza kuti kale panali chigayo cha dizilo, ndipo kuseri kwake munthu wina ankagulitsa petulo wa m'migolo kwa zaka zambiri. Zotayika zonse zinkalowa m'nthaka.

Mwina wina anena kuti, "Aaa, tikathira simenti zonsezo zikwiririka basi." Inenso ndinkaganiza choncho mpaka aphunzitsi athu a sayansi atatifotokozera. Mafuta akalowa pansi satheratu msanga. Amatulutsa mpweya umene umayenda m'timipata ta dothi. Simenti imang'ambika, tonse timaona ming'alu m'kalasi mwathu muja. Mpweyawo umakwera kudzera m'ming'aluyo n'kudzaza m'chipinda, makamaka mawindo akatsekedwa. Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene munthu akawapuma kwa zaka amatha kudwala khansa ya m'magazi. Choopsa n'chakuti mphuno siimva mpweya wonse woipa.

Zoterezi zinachitikapo. Ku America, mumzinda wa Niagara Falls, kuli malo otchedwa Love Canal. Kampani ya Hooker Chemical inakwirira kumeneko zinyalala za mankhwala zolemera matani pafupifupi 21,000. Mu 1953 inagulitsa malowo kwa akuluakulu a zamaphunziro pa dola imodzi yokha, ndipo iwo anamangapo sukulu ya pulaimale. Patapita zaka, mankhwala ndi fungo zinayamba kulowa m'nyumba za anthu. Mayi wina, Lois Gibbs, amene mwana wake ankaphunzira pasukulupo, anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa makolo anzake. Mu 1978 sukuluyo inatsekedwa ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa. Malo otchipa aja anadzawadyera ndalama zosaneneka.

Masiku ano akatswiri ali ndi njira yoyezera. Amaboola kabowo kakang'ono pa simenti, n'kulowetsa kapaipi kofika kudothi la pansi pake. Amamata m'mbali mwa kabowoko kuti mpweya wa m'chipinda usasakanikirane ndi wa pansi. Kenako amakokera mpweyawo m'botolo lachitsulo n'kupita nalo ku labotale. Kumeneko amadziwa mankhwala amene alimo ndi kuchuluka kwake. Akapeza vuto, amatseka ming'alu ndi kuika mapaipi otulutsira mpweyawo pamwamba pa denga.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Sukulu yathu ilibe ngakhale madesiki okwanira, ndiye ndalama zoitanira akatswiri zichokera kuti? Ena akuti, "Iwe, tatopa kuphunzirira pansi pa mtengo, usatichedwetse." Ndikumvetsa ndithu. Inenso mvula inandinyowetserapo makope. Koma ife tili ndi mwayi umene anthu a ku Love Canal analibe: sitinathire simenti. Kuzula zikhomo n'kukazikhoma pena sikufuna ndalama. Kugwetsa buloko yomangidwa kale ndiye kumafuna ndalama, ndiponso thukuta la amayi athu amene asenza mchenga ndi madzi lingapite pachabe.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, komiti ya makolo ikhale pansi ndi amfumu ndi akuluakulu a m'mudzi, afotokoze bwinobwino zimene zinkachitika pamalopo. Chachiwiri, ahedi alembe kalata ku ofesi yoona zachilengedwe ku boma kuti wina abwere adzaone. Ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza chilengedwe la 2017. Chachitatu, ngati kuyeza sikutheka, bulokoyo isunthidwe ipite kumtunda kufupi ndi bwalo la mpira, kumene agogo akuti kunali munda wa chimanga basi. Pamalo a chigayo paja tidzalepo mitengo.

Sindikunena kuti nthakayo ndi yoopsa ndithu. Ine si katswiri, ndine mwana wa Fomu 2. Ndikungonena kuti palibe amene wayeza, koma amene adzakhale m'menemo kuyambira m'mawa mpaka masana, masiku asanu pa sabata, ndi ifeyo ndi azing'ono athu. Safunsa anadya phula.

Lachisanu kuli msonkhano wa makolo. Mukafika kunyumba lero, afunseni makolo anu zimene akukumbukira za malo aja, ndipo muwapemphe akayankhule. Amene sakukhulupirira, tipite limodzi pa buleki mukanunkhize nokha.

Wophunzira wa Fomu 2