Khama la Wophunzira Lifuna Omchirikiza

M'chaka cha 1958, mnyamata wina wa kumpoto, Legson Kayira, amene adaphunzira ku Livingstonia, adanyamuka wapansi kukafuna maphunziro apamwamba ku America, atatenga Baibulo, kankhwangwa ndi kamba wa masiku owerengeka. Ndipo atayenda zaka ziwiri, napyola Tanganyika ndi Uganda, akugwira ganyu m'midzi ya eni kuti apeze chakudya, adafika ku Khartoum, kumene adakwera ndege. Mnyamata yemweyo adadzaphunziranso ku Cambridge, nakhala mlembi wa mabuku wodziwika.

Akuluakulu amakonda kusimbira ophunzira a ku Zomba, ku Bunda ndi ku Mzuzu nkhani zotere, ndipo salakwa, pakuti kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Wophunzira amene agwa mphwayi chifukwa cha mayeso obwereza, amene iwo awatcha sapu, kapena amene aona kubera mayeso kukhala kopepuka koposa kuchezera usiku pa buku, ayenera kudzudzulidwa mosabisa mawu, popeza digiri yopata mwachinyengo idzamchititsa manyazi tsiku limene wodwala, mlandu kapena mlatho zidzaikidwa m'manja mwake.

Koma pali mbali ina imene osimbawo amailumpha. Kayira atafika ku Kampala adapeza nyumba ya mabuku yotsegula, m'mene adawerenga za Skagit Valley College ya ku America. Sukuluyo idamyankha kalata yake, nimlonjeza malo. Ndipo ophunzira ndi anthu a kumeneko, amene sadaonepo nkhope yake, adasonkha ndalama za ulendo. Miyendo idali yake, indetu, koma pakadapanda anthu amenewa, khama lake likadathera m'chipululu.

Tsono ife amene tiuza mwana wogona m'kachipinda ka lendi ku Chikanda kuti apirire, pamene iye adya kamodzi pa tsiku akudikira ngongole ya boma imene ichedwa, tidzifunse ngati tikumlimbitsa mtima kapena tikungosamba m'manja. Kupirira kumene kumanga munthu ndiko kulimbana ndi phunziro louma mpaka aligonjetse. Njala ndi nkhawa ya fizi zingomfooketsa, ndipo wanzeru wochokera m'banja losauka ndiye ayamba kugwa.

Chifukwa chake aphunzitsi asapeputse mayeso, koma atsegule makomo a maofesi awo kwa iwo opunthwa. Bungwe la ngongole za ophunzira lipereke ndalama sukulu zisanatsegulidwe. Mipingo, makampani ndi iwo amene adatsiriza kale maphunziro akumbuke kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nalipirireko mmodzi kapena awiri. Tikachita mbali yathu imeneyi, pamenepo tidzakhala ndi pakamwa pouzira achinyamata kuti alimbike, ndipo iwonso adzasowa chowiringula.