CHENJEZO: Moto wa Mbewa Ukubweretsa Kapuku M'nyumba Mwathu

Makolo, mafumu ndi anyamata okumba mbewa, tamverani. Tchire lauma, ndipo utsi wayamba kale kuoneka m'mphepete mwa Dzalanyama ndi m'mapiri a Dedza. Lekani kutentha tchire posaka mbewa.

Funsani agogo mayina a mbewa zimene ankagwira kale. Akuuzani za kabwanda wamafuta, dugu wosunga chakudya m'masaya, tsambe wokwera udzu ndi kadyamlamu wa m'mphako za mitengo. Zambiri mwa izi zimadalira nkhalango ndi udzu wokhalitsa. Mitengo ikathera ku makala, moto n'kudutsa chaka ndi chaka, zimasowa pobisala n'kuchepa. Amene amapindula ndi kapuku. Iyeyu sasankha malo: m'munda ali momwemo, m'nkhokwe ali momwemo, ngakhale kuseri kwa mtsuko. Bere lake ndi la milungu itatu ndi masiku ochepa basi, ndipo amatha kuswa ana oposa 10 nthawi imodzi.

Nyengo nayo yam'komera. Namondwe Freddy anatimiza m'madzi mu Marichi 2023, ndipo chaka chotsatira chilala cha El Niño chinatentha mbewu mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mvula yambiri ikabwera pambuyo pa chilala, kapena ikagwa nthawi yosayembekezeka, udzu umabala msanga ndipo kapuku amaswana modabwitsa, n'kumafukula chimanga chongodzala kumene. Akadzidzi amene akanatithandiza kum'chepetsa timawagenda tokha powanamizira ufiti, ndipo zimenezi zimandiwawa mtima.

Choopsa kwambiri ndi nthata. Kapuku amayenda pakati pa tchire ndi mudzi, ndiye amatha kutibweretsera nthata zofalitsa mliri wa plague. Mu 2002 matendawa anagwira anthu ku Nsanje, ndipo mu 2015 anabuka ku Nyimba, kum'mawa kwa Zambia. Khoswe kapena mbewa yodwala ikafa, nthata zimachoka pa mtembowo kukasaka magazi ena, ndipo amene ali pafupi ndi mwana wogona pamphasa.

Mukapeza mbewa kapena makoswe akufa okha, musawagwire ndi manja, musawawambe, musawaike pampani kuti mukagulitse pamsewu wa M1. Ena amakhala atadya tameki, ndipo poizoniyo amapha munthunso. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo ndi amfumu tsiku lomwelo. Lambulani kuzungulira nyumba, ndipo chimanga chisungidwe potsekeka bwino.

Wina akatentha thupi mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa, n'kutuluka mwanabere wopweteka m'khwapa, m'khosi kapena m'mphechepeche, thamangirani naye kuchipatala osadikira mawa. Malowo ndi obisika, inde, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mankhwala alipo ndipo amachiza akaperekedwa msanga. Odwala akachedwa, matendawa amapha m'masiku ochepa.