NDEMANGA: Vinyo Amakoma Pakamwa, Osati Papepala

Aliyense amene walowapo m'sitolo zikuluzikulu za mumzinda wa Tete waona mabotolo a vinyo ochokera ku Portugal ndi ku South Africa. Ena mtengo wake umaposa wa thumba la chimanga. Koma chimene tikufuna kunenapo lero ndi mawu amene amalembedwa kuseri kwa mabotolowo ndi m'magazini a akatswiri olawa vinyo.

Akatswiriwa amati vinyo wakuti akununkhira chikopa, mwala wonyowa, bokosi la fodya kapena dothi la m'nkhalango. Pali mtundu wina wotchedwa Sauvignon Blanc umene amati fungo lake limakumbutsa mkodzo wa mphaka, ndipo ponena zimenezi amakhala sakunyoza ayi. Ena amafika pomupatsa vinyo khalidwe ngati munthu, amvekere uyu ngwamanyazi, uyo ngwaulemu. Kodi wogula waphunzirapo chiyani pamenepa?

Sitikunena kuti zonse nzabodza. Vinyo amene wasungidwa mumgolo wa mtengo wa oki amatengadi fungo la mtengowo, ndipo mphuno yozolowera imamva zambiri kuposa yachilendo. Koma kafukufuku anaonetsa kuti lilime limanyengeka msanga. M'chaka cha 2001, Frédéric Brochet ndi anzake a pa yunivesite ya Bordeaux ku France anathira utoto wofiira wopanda fungo mu vinyo woyera n'kupatsa ophunzira 54 a maphunziro a vinyo. Ophunzirawo anafotokoza fungo lake ndi mawu amene amanenera vinyo wofiira. Maso ndiwo analawa, mphuno inangotsatira.

Mu 2008, asayansi a ku California anamwetsa anthu vinyo mmodzi yemweyo kawiri. Ulendo wina anawauza kuti botolo lake ndi la madola 10, ulendo wina kuti ndi la madola 90. Anthuwo anati wa madola 90 ndiye wokoma kwambiri.

Apa mpamene pagona nkhani. Mawu okuluwika aja ntchito yake yaikulu ndi kuteteza mtengo. Munthu akawerenga za fungo la zipatso zimene sanazionepo chibadwire, amayamba kudzikayikira. Akapanda kumva zimene zalembedwazo amaganiza kuti mbuli ndi iyeyo, ndipo amachita manyazi kufunsa. Mapeto ake bambo wokonzekera ukwati wa mwana wake amatulutsa ndalama za feteleza kugulira botolo limene alendo sakanalisiyanitsa ndi lotchipa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Amayi ofulula mowa kumidzi kwathu ku Angónia ndi ku Macanga salankhula motero. Amangoti mowa wapsa, wasasa, ngwakali kapena ngwamadzi, ndipo womwa akalawa amatsimikiza yekha. Mawu otere ngoona chifukwa aliyense angathe kuwayesa.

Ife tikupempha ogulitsa vinyo kuti auze wogula zinthu zomveka: kumene vinyoyo wachokera, mtundu wa mphesa, chaka chokolola, ukali wake, ndiponso ngati ali wotsekemera kapena wowawasa. Nanunso awerengi, musalole kuti pepala likulawireni. Ngati vinyo wa mtengo wotsika wakukomerani, palibe cholakwa ndi lilime lanu. Ndalama nzanu, ndipo munazipeza movutikira.