Tchesi si juga, tsegulani maholo

Mwa makalata amene tikulandira masiku ano, muli angapo ochokera kwa makolo ndi atsogoleri a mipingo odandaula kuti ana ayamba kutchova juga ya tizidole. Ine ndikuti abale anga, tchesi si juga ayi.

Wajuga amadalira mwayi. Pa tchesi palibe makadi, palibe maere. Bolodi ili ndi timabokosi 64, aliyense amayamba ndi tizidole 16, ndipo zonse zili poyera monga pa bawo. Wogonja amadziwa kuti wamugonjetsa ndi mutu wake womwe.

Pa mpikisano wina wa m'chigawo ndidaonerera mphunzitsi wachikulire akusewera ndi kamnyamata ka sitandade 7, onse ongophunzira kumene. Aphunzitsiwo adagwira mfumukazi yawo, kenaka nkuzindikira kuti akaisuntha, hatchi yawo itsala pambalambanda. Lamulo limati kachidole kamene wagwira dala, usunthe komweko. Woyang'anira mpikisano anali patali, mwanayo naye ankaopa kudzudzula wamkulu. Bambowo adapumira m'mwamba, nasuntha mfumukaziyo. Hatchi idadyedwa, masewero nkuthera pomwepo. Adampatsa mwanayo dzanja, ndipo awiriwo adabwereza masewero onse kuchokera pa mapepala amene ankalembapo mayendedwe awo, kufufuza pamene padalakwika. Kodi pa juga mudaonapo chilungamo chotere?

Abusa ndi ansembe, dziwani kuti Ruy López wa ku Spain, amene adalemba buku lotchuka la tchesi m'chaka cha 1561, anali wansembe. Makolo, dziwaninso kuti masewerowa si a azungu okha. Amon Simutowe wa ku Zambia adayamba ali mwana, ndipo mu 2009 adalandira udindo wa grandmaster, umene ndi wapamwamba zedi pa tchesi.

Vuto lenileni ndi malo. Mipikisano yambiri imachitikira m'tauni, kumene mwana wa kumudzi sangafike chifukwa chosowa ya basi. Chonsecho maholo a mipingo yathu amangokhala otseka mkati mwa sabata, muli mabenchi ndi matebulo. Atsegulireni ana masana akaweruka kusukulu, mkulu wa mpingo mmodzi aziwayang'anira. Amene abwere ndi zobetcherana ndalama, ameneyo ndiye mumuthamangitse.

M'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira kuganiza asanagwire kanthu, ndi kuvomera zimene dzanja lake lachita, sadzatichititsa manyazi akadzakula.

Mkonzi