Mawu a Abusa: Kodi Mtendere Wathuwu Udzakhalitsa?

Werengani: 2 Samueli 3:6-39 ndi 9:1-13



Chaka ndi chaka pa 4 Okutobala dziko lathu la Mozambique limapuma pa ntchito pokumbukira tsiku limene Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anasaina pangano la mtendere ku Rome mu 1992. Nkhondo imene inatha tsikulo inali itadya zaka 16 pamodzi ndi miyoyo ya anthu pafupifupi 1 miliyoni. Achikulire pakati pathu sanaiwale. Sitima ya ku Nacala inaleka kuyenda, minda ya thonje inasanduka tchire, ndipo mabanja athunthu anadutsa malire cha ku Chiponde ndi ku Nayuchi kukakhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Mangochi ndi ku Machinga.

Koma pangano la ku Rome silinali lotsiriza. Mu 2013 mfuti zinaliranso ku Gorongosa, ndipo pa 5 Seputembala 2014 Pulezidenti Armando Guebuza ndi Dhlakama anasaina pangano lachiwiri. Nalonso silinakhalitse, pakuti mu 2016 abale athu a ku Tete anali atadzaza pa Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Lachitatu linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019 ndi Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade, ndipo msasa womaliza wa ankhondo a Renamo unatsekedwa mu Juni 2023. Tinapuma mpweya wabwino. Koma chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, pamene a Daniel Chapo analengezedwa kuti apambana ndipo a Venâncio Mondlane anakana zotsatirazo, misewu inatsekedwa, masitolo anatenthedwa, apolisi anaombera anthu, ndipo mabungwe oona za ufulu anawerenga akufa oposa 300. Anthu zikwizikwi anathawiranso ku Nsanje.

N'chifukwa chake akhristu ena amatifunsa funso lolemera: kodi tiotche njerwa ndi kufolera malata, kapena tidzathawanso n'kusiyira ena? Funso limeneli si la ndale ayi. Ndi funso la munthu amene anamangapo kale nyumba naiona ikupsa. Tiyeni tiliyankhe titatsegula Mawu a Mulungu.

Buku lachiwiri la Samueli likutiuza za nkhondo yaitali pakati pa nyumba ya Sauli ndi nyumba ya Davide. Amene ankaphana pamenepo sanali Aisraele ndi Afilisti. Anali ana a Yakobo okhaokha, opembedza Mulungu mmodzi, osiyana pa nkhani imodzi yokha, yakuti ndani akhale pa mpando. Potsiriza Abineri, kazembe wa nkhondo wa nyumba ya Sauli, anafika ku Hebroni ndi anthu 20. Davide anawakonzera phwando, anapangana, ndipo Abineri anauyamba ulendo wobwerera ali wosaopa kanthu. Koma tsiku limenelo Yowabu, kazembe wa Davide, kunalibe. Pangano linamangidwa iye atachokapo, pomwe mumtima mwake munali mwazi wa mbale wake Asaheli, amene Abineri anamupha pa nkhondo ya ku Gibeoni. Atamva kuti Abineri wadya ndi mfumu, anatuma amithenga kukamubweza, namutengera pambali pa chipata ngati wofuna kunong'onezana naye, namulasa m'mimba. Davide analira, natsata chithatha cha maliro, nasala kudya tsikulo, koma Abineri anali atapita.

Makolo athu anati mlandu suola. Atsogoleri akhoza kugwirana chanza pamaso pa dziko lonse, koma ngati Yowabu sanaitanidwe pa bwalo, chipata cha Hebroni chidzaona mwazi. Mapangano athu atatu aja anamangidwa ndi akuluakulu, ndipo tiyenera kuthokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Chotsala n'chakuti tidzifunse moona mtima kuti a Yowabu athu ndani, ndipo asunga chiyani m'mitima mwawo.

Oyamba ndiwo amene anataya abale awo. Patangopita masiku ochepa pangano la ku Rome litasainidwa, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira onse amene anachita zoipa pa nkhondo. Ku South Africa anatsata njira ina: bwalo lotsogozedwa ndi Bishopu Desmond Tutu linayamba mu 1996 kumva olakwa ndi olakwiridwa poyera. Kwathu tinasankha kukhala chete. Chete ameneyo anali ndi phindu lake, popeza midzi inalandira anyamata ake ochokera mbali zonse, ndipo kubwezerana sikunachuluke monga ambiri ankaopera. Koma alipo amayi amasiye amene mpaka lero amatunga madzi pa chitsime chimodzi ndi banja la amene anawasandutsa amasiye, ndipo palibe ananenapo kuti pepani. Boma lingathe kufafaniza mlandu m'buku lake, koma silingalape m'malo mwa munthu.

Achiwiri ndiwo amene amagonja pa chisankho. Mu 1999 a Chissano anapeza mavoti 52 pa 100 alionse, a Dhlakama 48. Dziko linali litagawika pakati ndi pakati, komabe abwanamkubwa a zigawo zonse ankasankhidwa ndi Pulezidenti yekha. Wopambana anatenga nkhuku yonse, wogonja osalawako ndi msuzi womwe. Mu Novembala 2000 zionetsero zinabuka, ndipo ku Montepuez anthu oposa 80 anafa chifukwa chosowa mpweya m'chitokosi chopanikizana. Taonani kuti mavuto athu aakulu amakonda kubwera m'mbuyo mwa chisankho, kapena chisankho chikayandikira. Munthu akakhulupirira kuti voti yake siiwerengedwa, ndiponso kuti ntchito ndi ngongole zimatsata khadi ya chipani, amayamba kuyang'ana kutchire.

Achitatu ndiwo achinyamata. Ambiri mwa amene anadzaza misewu mu 2024 anabadwa nkhondo itatha kale. Sitingawaopseze ndi zimene ife tinaona, chifukwa iwo sanazione. Chimene akuona ndi sitima za malasha zodutsa pa Cuamba usana ndi usiku kupita ku doko, iwo ali chikhalire ndi masatifiketi awo m'thumba. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Tisaiwale kuti nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba pa Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, inalowa m'chigawo chathu cha Niassa, m'boma la Mecula, kumapeto kwa 2021. Olemba anthu ntchito ya mfuti amafuna mnyamata amene alibe chotaya.

Nanga tinene kuti chiyembekezo palibe? Iyayi. Mutu 9 wa buku lomwelo ukutionetsa njira ina. Davide atakhazikika pa mpando, anafunsa ngati watsalapo wina wa nyumba ya Sauli. Mafumu a masiku amenewo ankafunsa funso lotere pofuna kumaliza mbewu ya mdani. Koma Davide anatumiza anthu ku Lodebara kukatenga Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wolumala mapazi onse awiri, namubwezera minda ya agogo ake, namukhazika pa gome la mfumu masiku onse. Nyumba yogonja inapatsidwa munda ndi mbale. Apa ndipo pagona yankho lathu: mtendere umakhalitsa pamene wogonja angathe kugonja koma n'kukhalabe ndi moyo, ndi munda, ndi mawu pa bwalo.

Zizindikiro za njira imeneyi taziona kale ndi maso athu. Mu 2018 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti abwanamkubwa a zigawo azichokera pa chisankho. Chaka chomwecho Renamo inapambana m'tauni ya Cuamba, niilamulira zaka zisanu, ndipo thambo silinagwe: msika unkatsegulidwa, ana ankapita kusukulu. Mu 2023 mpando unabwerera ku Frelimo pakati pa madandaulo ambiri, koma madandaulowo anapita kukhoti, osati kuphiri. Mabomba okwirira amene anadula miyendo ya anthu athu anazulidwa, ndipo mu 2015 dziko linalengeza kuti ntchitoyo yatha. Mu Malichi 2025 a Chapo ndi a Mondlane anakumana maso ndi maso. Zonsezi ndi mbande zanthete, zofuna kuthirira.

Mpingo nawo uli ndi mbiri imene tiyenera kuikumbukira. Pamene kutchula dzina la Renamo kunali koopsa, Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi atsogoleri ena a mipingo anapita ku Nairobi mu 1989 kukaonana ndi atsogoleri ake. Mu 1995 Bungwe la Mipingo ya Chikhristu m'dziko muno linayamba kulandira mfuti zobisidwa n'kumapereka makasu, njinga ndi makina osokera m'malo mwake, potsata masomphenya a mneneri Yesaya. Makolo athu m'chikhulupiriro sanadikire kuti andale amalize kaye.

Tsono ife a m'miraga ya kuno tichitenji? Tiyambire m'nyumba ya Mulungu momwemo. Gome la ulaliki lisakhale nsanja ya chipani chilichonse, kaya cholamula kaya chotsutsa. Posankha akulu a mpingo ndi atumiki, tiyang'ane mbiri ya munthu monga Paulo analangizira Timoteo, osati mtundu wa nsalu imene anavala pa msonkhano. Chimanga cha thandizo kapena mbewu zikadzera ku mpingo, mndandanda uwerengedwe poyera, ndipo wosauka alandire chifukwa ndi wosauka. Pa maliro tikumbe manda pamodzi, tisafunse kuti malemu ankavotera ndani. Anansi athu achisilamu a ku Mandimba ndi ku Ngauma tisawaloze chala chifukwa cha zochita za zigawenga, pakuti nawonso aika maliro a abale awo ophedwa ndi zigawenga zomwezo.

Ndipo pamene tikukonzekera Mgonero wa Ambuye, akulu a mpingo ayendere makomo amene akudziwa kuti muli mlandu wakale. Asakakamize munthu kukhululuka ndi pakamwa pokha. Amve kaye wolakwiridwa, kenaka alimbikitse wolakwa kuti apite yekha kukapepesa. Ntchito imeneyi njochedwa ndi yotopetsa, koma ndi yokhayo imene imaitanira Yowabu pa bwalo asanafike pa chipata. Tikumbukire kuti pa gome la Ambuye wathu panakhala Mateyu, wokhometsera msonkho boma la Aroma, pamodzi ndi Simoni Zelote, wa gulu lodana ndi boma lomwelo. Onse awiri analandira mkate kuchokera m'dzanja limodzi.

Kwa atsogoleri athu a mbali zonse tili ndi pempho, ndipo tilinena mwaulemu koma mosabisa: mavoti awerengedwe moona, wapolisi asaombere munthu wopanda chida, wokwiya asatenthe sitolo ya mnzake, ndipo malonjezo operekedwa kwa amene anatula zida asungidwe. Tiziwapempherera onse, ngakhale amene sitinawavotere.

Tsono kwa mbale wofunsa za njerwa uja tikuti: otchani njerwa zanu, dzalani mango ndi malalanje pakhomo. Koma pamene mukumanga, itanani mnansi wa chipani china adzakuthandizeni kusenza denga, inunso mudzapite pa lake. Mlandu suola, n'zoona, koma makolo omwewo anatinso chibale n'fupa, sichiola. Chimene tidzasunge bwino mwa ziwirizi ndicho ana athu adzalandire.

Mulungu wa mtendere asunge inu nonse, ndi midzi yanu, ndi dziko lathu. Amen.