Bawo Ndi Nzeru, Si Chithumwa

Pansi pa mitengo ya ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, amuna amasonkhana madzulo kuzungulira bawo. Kumeneko sikusowa mikangano. Wina amati woseweranaye anayenera kuima atafika pa nyumba, mnzakeyo nkukana kuti kwawo amapitiriza. Mkangano wotere ndi wabwino, pakuti umatha anthu akagwirizana lamulo masewera asanayambe. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Koma pali mkangano wina woipa, wa munthu amene akagonja amaloza mkulu womupambana nati, "Agogowa ali ndi chithumwa m'thumba."

Mawu amenewa ndi bodza la munthu waulesi. Bawo ili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo njere zake ndi 64. Njere iliyonse imagwa anthu akuona. Katswiri amawerenga mumtima kumene dzanja lake likathere asanatole nkomwe njere, ndipo luso limeneli limadza ndi zaka zambiri za kugonja ndi kuphunzira. Kodi chithumwa chingawerenge maenje? Wonena za mankhwala amangobisa manyazi ake, ndipo mawa adzagonjanso chifukwa sanafunse pamene analakwa.

Anthu otere aphunzire ku masewera a Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. M'masewerawa anthu amakhala patebulo, aliyense nkumayerekeza kukhala msilikali kapena wamatsenga wa m'nthano. Matsenga alimo ndithu, koma ndi ongopeka, ndipo onse analembedwa m'buku la malamulo. Wamatsenga ali ndi malire a matsenga aakulu amene angachite asanapumule. Malamulo a 2014 anaikanso malire akuti pa zida zina zamphamvu, munthu asagwiritse zoposa zitatu nthawi imodzi. Osewera amatsutsana kwambiri za malamulowa, koma buku lili poyera, ndipo woyendetsa masewera ndiye amagamula. Ngakhale opeka matsenga anazindikira kuti mphamvu yopanda malire imapha masewera.

Ena adzati kunena za chithumwa pa bawo ndi nthabwala chabe. Ayi ndithu. Mawu oyamba mwa nthabwala pamtengo amafika pachitsime ndi pamsika, ndipo mwana akadwala m'dera, anthu amakumbukira nkhalamba "ya mankhwala" ija. M'Malawi muno okalamba ena amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chowaganizira ufiti. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo pa bawo si pamalo pothawira lamulo.

Choncho wachinyamata amene wadyedwa njere zonse ndi mkulu asafufuze m'thumba mwa mkuluyo. Akhale pansi, awombe m'manja, napemphe kuti, "Agogo, tandionetsaniko pamene ndinaphonya." Kuona maso a nkhono nkudekha.