Bokosi Timagula, Mankhwala Ayi

Anzanga a m'gulu muno, lero ndabwera ndi ukali. Kwathu kuno ku Mtsiliza munthu amatha miyezi itatu ali gone ku Kamuzu Central, womuzonda n'kukhala mkazi wake yekha ndi kakontena ka phala. Enafe akuti ya minibasi yavuta. Koma angotsikira kulichete, eee! Masamba pamsewu, wakabaza atsike, mbale ya chipepeso ikuzungulira, ufa ndi nkhuni zapezeka. Ndalamazi zinali kuti dzana?

Tisanamizane, si chikondi chokha ichi, mulinso mantha. Tonse tikudziwa kuti amfumu ali ndi kabuku, ndipo wojomba kumaliro, akadzaferedwa adzukulu adzamukanira kukumba. Kuchipatala kulibe woitana mayina, n'chifukwa chake sitiondako.

Mudzati maliro n'kulirana. Zoona, sindikuti tisiye. Koma umunthu woyendera kuopa chindapusa ndi msonkho chabe. Ngati timasonkha za bokosi m'mawa umodzi, tingathenso kusonkha za mankhwala mwiniwake akadali kupuma. Ndipo ngati chimene timamvera ndi kabuku basi, chabwino: amfumu, titsegulireni kachiwiri, ka odwala.